CHENJEZO KWA ANTHU A KU ZOMBA: Musalipire masheya a kampani ya mapulogalamu a m'masitolo musanafufuze

Abale ndi alongo a mumzinda wa Zomba, a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda ndi Mpondabwino, komanso inu a kuphiri amene mumagulitsa sitiroberi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe: ngati wina wakuuzani kuti mugule masheya a kampani yopanga mapulogalamu a kompyuta a m'masitolo, ati chifukwa kampaniyo ikukula msanga ndipo ndalama zanu ziswana, imani kaye. Musatumize ndalama lero. Musakatenge ngongole ku banki m'khonde, ku SACCO kapena kwa a katapila chifukwa cha nkhani imeneyi. Pa msika wa masheya wa dziko lino, Malawi Stock Exchange, palibe kampani ngakhale imodzi ya mtundu umenewu. Pali mabanki, makampani a mafoni, a inshuwalansi, a shuga, a mahotela ndi a nyumba za lendi. Ndiye amene akukugulitsaniyo ayankhe kaye: masheya akewo akuwatenga kuti, ndipo anamulola kuwagulitsa ndani?

Nkhani yake imabwera mokoma. Imafika pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena la kuntchito, nthawi zambiri kudzera mwa mnzanu weniweni amene nayenso wakhulupirira ndi mtima wonse. Pena mumaitanidwa kumsonkhano Loweruka masana m'holo ya malo ogona alendo, mnyamata wa suti n'kumaonetsa pakhoma mzere wokwera m'mwamba. Mawu ake sasintha: sitolo iliyonse m'Malawi muno ifunika pulogalamu yowerengera katundu ndi kutulutsira risiti, a MRA sakufunanso malisiti olemba pamanja, amene anagula masheya a Airtel ndi a FDH mu 2020 lero akumwetulira, munagona nthawi ija, musagonenso, mwayi utha Lachisanu.

Choopsa n'chakuti m'mawu amenewa muli zoona. MRA inabweretsadi makina otulutsira malisiti a EFD mu 2014, ndipo pambuyo pake inayamba kusamukira ku njira yatsopano yotchedwa EIS. Masheya a Airtel Malawi anagulitsidwadi pa K12.69 pamene ankalowa pamsika mu Febuluwale 2020, a FDH Bank pa K10 mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo onse awiri anadzakwera kangapo konse. Mu 2025 msika wa ku Blantyre unakwera mwakuti ngakhale anthu amene sankalabadira za masheya anayamba kufunsafunsa. Zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chikutsimikiza kuti chimene akukugulitsani inuyo chilipodi, kapena kuti mtengo wake ndi woyenera. Wakuba wa masiku ano sadaliranso uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Anadziwa kuti tinatseguka maso. Pano akubwera ndi nkhani za m'nyuzipepala, zimene mukafufuza muzipezadi, kenako n'kusanjikapo bodza lake pamwamba.

Tiyambe ndi choipitsitsa, kampani imene kulibeko n'komwe. Abale athu a ku Zimbabwe analawa zimenezi mu 2023. Kunatulukira gulu lotchedwa E-Creator, lodzitcha kampani ya malonda a pa intaneti. Munthu ankaika ndalama kudzera pa foni, n'kumadina timabatani tsiku ndi tsiku ngati akuthandiza kutsatsa katundu wa m'masitolo a pa intaneti, uku akuona phindu lake likukwera pa foni pomwepo. Oyambirira ankatapadi ndalama, ndipo ndi iwowo amene anakoka abale awo, anzawo a kuntchito ndi a mumpingo. Kumayambiriro kwa Julayi chaka chomwecho kutapa kunaima. Anthu miyandamiyanda anatsala ndi manambala a pa foni okhaokha. Mu 2016 MMM ya Sergei Mavrodi inali itawaliza kale anthu a dziko lomwelo mwa njira yomweyi: ndalama zolipira oyamba zimachokera m'matumba mwa obwera pambuyo, ndipo olowa akachepa zonse zimagwa tsiku limodzi.

Mukafuna kudziwa ngati chimene mwauzidwa ndi cha mtundu umenewu, tengani pensulo. Wina akakulonjezani phindu la 30 peresenti mwezi uliwonse, ndipo akuti musatape kuti ziswane, K100,000 yanu ikuyenera kukhala K2.3 miliyoni pakutha kwa chaka chimodzi, kupitirira K50 miliyoni pakutha kwa zaka ziwiri, ndi kupitirira K1 biliyoni pakutha kwa zaka zitatu. Palibe kampani ya mapulogalamu pa dziko lapansi imene inachitapo zimenezo. Munthu wokhala ndi njira yotere sangabwere ku Matawale kudzapempha K100,000 ya mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndiponso sheya yeniyeni silonjeza phindu la mwezi ndi mwezi. Mwini masheya amalandira gawo la phindu, lija amati dividendi, kampani ikapindula ndipo akuluakulu ake akagwirizana kugawa; chaka china salandira kalikonse. Mukangomva kuti "phindu ndi lotsimikizika", kapena kuti mulandira zambiri mukabweretsa anzanu atatu, dziwani kuti amenewo si masheya.

Malamulo pa nkhaniyi alipo ndipo ndi omveka. Securities Act ndi Financial Services Act, onse a 2010, amafuna kuti wogulitsa masheya kwa anthu, ngakhalenso wolangiza anthu poika ndalama zawo, akhale ndi laisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Kampani yofuna kugulitsa masheya ake kwa anthu wamba iyenera kutulutsa chikalata chotchedwa prospectus, cholongosola eni ake, ngongole zake, mabuku ake a ndalama ounikidwa ndi ma odita, ndi zoopsa zimene wogula angakumane nazo. Masheya a pa msika wathu amagulidwa kudzera mwa ma broka a laisensi, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital. Amakutsegulirani akaunti yosungiramo masheya, ya CSD, m'dzina lanu, ndipo ndalama zimapita ku akaunti ya kubanki ya kampani ya brokayo. Sizipita pa nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba ya munthu wina.

Apa m'pamene ambiri akugwera m'mbuna. Wogulitsayo amatulutsa setifiketi yolembetsera kampani, ya chidindo cha boma, ndi nambala ya msonkho ya MRA, anthu n'kukhutira kuti zonse zili m'malo. Setifiketi imeneyo imangonena kuti dzina la kampani linalembedwa m'kaundula. Aliyense wolipira ndalama yolembetsera akhoza kukhala nayo. Silola munthu kutolera ndalama kwa anthu kapena kuwagulitsa masheya. Pepala lofunika kuliona ndi laisensi ya ku Reserve Bank, ndipo musakhutire ndi chithunzi chake cha pa foni: funsani ku Reserve Bank komweko, kapena ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ngati dzinalo akulidziwa. Kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa basi imodzi, wopita m'mawa n'kubwerako masana. Safunsa anadya phula.

Tsono tiyerekeze kuti kampaniyo ilipodi, ndi yotchuka, ili pa msika wa ku New York kapena ku Toronto, ndipo mwana wanu wa ku Chanco wakuonetsani pa intaneti kuti malonda ake akukula chaka ndi chaka. Apa ndikupempha mumvetsere bwino, chifukwa vuto la pano silioneka ngati kuba, komabe limatha kudya ndalama za munthu mofanana.

Pa makampani onse opanga mapulogalamu a amalonda, imodzi mwa otchuka kwambiri ndi Shopify ya ku Ottawa, m'dziko la Canada. Ntchito yake ndi yeniyeni: imapatsa mwini sitolo pulogalamu yogulitsira katundu pa intaneti ndi pa kauntala, iye n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Inalowa pamsika mu 2015 pa madola 17 sheya imodzi. Mliri wa Covid-19 utatseka anthu m'nyumba mu 2020, malonda ake anakwera ndi 86 peresenti kufika pafupifupi madola 2.9 biliyoni, ndipo mtengo wa kampani yonse unaposa wa banki yaikulu kwambiri ya m'dzikolo. Mu 2021 malonda anafika madola 4.6 biliyoni. Aliyense ankati tsogolo lonse la masitolo lili m'manja mwake. Mtengo wa masheya unafika pachimake mu Novembala 2021.

Chaka chisanathe kuchokera pamenepo, masheyawo anali atatsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Amene anaika ndalama zokwana K1 miliyoni pachimake paja anatsala ndi za mtengo wa K200,000 kapena kuposerapo pang'ono. Mu Julayi 2022 mkulu wake, Tobi Lütke, anachotsa ntchito munthu mmodzi mwa khumi aliyense, n'kuvomereza poyera kuti analakwitsa poganiza kuti kugula pa intaneti kupitirira kukwera monga kunkachitira nthawi ya mliri. Tsono taonani ichi: m'chaka chomwecho cha 2022 malonda a Shopify sanatsike ayi. Anakweranso, kufika madola 5.6 biliyoni. Kampani inkakula, ogula masheya ankasauka.

Zinatheka bwanji? Mtengo wa sheya umakhala utawerengera kale kukula kumene anthu akuyembekezera. Pamene nkhani yakuti "kampani iyi ikukula" ikufika pa foni yanu ku Chinamwali, imakhala itadutsa kale m'manja mwa amalonda akuluakulu a ku New York, ndipo iwo akweza kale mtengo. Inu mukulipira lero phindu la zaka khumi zikubwerazo. Kampani ikakula ndi 20 peresenti pomwe msika unkayembekezera 50, mtengo umagwa ngakhale kuti yakula. Chigayo chabwino, cha makasitomala ambiri, mukachigula pa mtengo wa zigayo khumi, chigaya bwinobwino tsiku lililonse koma ndalama zanu simudzazibweza. Kuonjezera apo, mu 2022 mabanki aakulu a ku America ndi Canada anakweza chiwongoladzanja, ndipo anthu anayamba kuthawa makampani olonjeza phindu la kutsogolo n'kufuna phindu la lero.

Kunena chilungamo, Shopify inadzadzukanso, koma zinatenga zaka kuti mtengo ubwerere pamene unali. Amene anagula ndi ndalama zake zapadera, wosazifuna msanga, anatha kudikira. Amene anagula ndi ngongole, kapena ndi fizi ya mwana ya teremu yotsatira, anagulitsa mtengo uli pansi, pakuti wangongole sadikira msika. Ndipo si onse amene amadzuka. Lightspeed ya ku Montreal, yopanga mapulogalamu a pa kauntala a masitolo ndi malo odyera, inafika pachimake mu Sepitembala 2021. Mwezi womwewo kampani ina yofufuza, Spruce Point, inatulutsa lipoti lokayikira manambala ake a makasitomala. Lightspeed inatsutsa lipotilo, komabe masheya ake anagwa kuposa 80 peresenti m'miyezi yotsatira. Jumia, imene anthu ankaitcha Amazon ya mu Africa, inalowa pamsika wa New York mu Epulo 2019 pa madola 14.50, inapitirira madola 40 m'masabata ochepa, ndipo pofika Malichi 2020 inali pansi pa madola 3. Inatseka malonda ake ku Tanzania, Rwanda ndi Cameroon mu 2019, kenako ku South Africa mu 2024.

Palinso mabuku onama. Amene muli ndi abale ku Joni mukuidziwa nkhani ya Steinhoff, kampani imene inali kholo la masitolo a Pep. Mu Disembala 2017 mkulu wake, Markus Jooste, anatula pansi udindo mwadzidzidzi, ndipo masheya anataya gawo lalikulu la mtengo wake m'masiku ochepa chabe. Ofufuza a PwC anadzapeza malonda abodza ndi osalongosoka oposa mayuro 6 biliyoni. Penshoni za ogwira ntchito m'boma la South Africa zinapsa nawo. Ngati akadaulo olipidwa kuti aziwerenga mabuku tsiku lonse anapusitsidwa chotero, ife amene taonetsedwa chithunzi chimodzi pa WhatsApp tisadzione ngati tadziwa zonse.

Pa masheya akunja palinso khoma la ndalama zakunja. Sagulidwa ndi makwacha. Kutumiza madola kunja kumadutsa kubanki motsatira malamulo a Reserve Bank, ndipo tonse tikudziwa mmene madola akusowera, ngakhale kwa oitanitsa mafuta ndi feteleza. Munthu akakuuzani kuti ingomutumizirani makwacha iye akagula madola "mwanjira yake", wakulowetsani m'mlandu wa msika wamdima, ndipo masheyawo, ngati awaguladi, akhala m'dzina lake osati lanu. Akadzasowa mudzakadandaula kuti, ndipo mudzati munamupatsa ndalama zoti achite nazo chiyani? Dziwaninso kuti ma app ambiri a pa foni sagulitsa masheya enieni. Amangokubetchetsani pa kukwera kapena kutsika kwa mtengo, uku akukukongozani kuti mubetche zochuluka kuposa zimene mwaika. Mtengo ukangotsika pang'ono, zanu zonse zapita usiku umodzi.

Pali mtundu wina umene ndimaumvera chisoni, chifukwa kawirikawiri eni ake si akuba. Ndi achinyamata athu omwe, ena omaliza maphunziro a kompyuta ku Chirunga komweku, amene apanga pulogalamu yabwino yothandiza mwini golosale kudziwa katundu wotsala ndi ngongole za makasitomala, ndipo akusowa mpamba. Ana amenewa ndi ofunika kuwalimbikitsa. Ngati muli ndi sitolo, yesani pulogalamu yawo, muwalipire ikakuthandizani. Koma kugula gawo la kampani yawo ndi nkhani ina, yofuna kuwerengera mosanyengerera.

Funsani kuti masitolo olipira ndi angati. Osati amene anaika pulogalamuyo pa foni mwaulere, kapena amene "aonetsa chidwi", koma amene analipira mwezi watha ndipo alipiranso mwezi uno. Tiyerekeze kuti ndi 200, iliyonse ikulipira K20,000 pa mwezi. Ndiye kuti pa mwezi kukulowa K4 miliyoni, pa chaka K48 miliyoni, musanachotse malipiro a antchito, lendi, bandulo, mayendedwe ndi msonkho. Akakuuzani kuti kampani yotereyi ndi ya mtengo wa K2 biliyoni ndipo akugulitsa masheya pa mlingo umenewo, mukulipira kuposa ka 40 ndalama zonse zimene imalandira pa chaka, phindu lisanaoneke n'komwe.

Kenako yendani nokha mumsika wa Zomba, mufike ku Songani kapena ku Thondwe tsiku la msika, muone amalonda angati angakwanitse K20,000 mwezi uliwonse. Ambiri kaundula wawo ndi kope ndi bolopeni, ndipo zimawakwanira, pakuti kope silifuna bandulo ndipo silizima magetsi a ESCOM akathima. Masitolo akuluakulu amene angalipire bwino amabwera ndi mapulogalamu awoawo ochokera kulikulu. Nawonso si onse amene ali pabwino. PTC, imene inali pafupifupi m'tauni iliyonse ya dziko lino, Press Corporation inaigulitsa mu 2022 itatopa ndi kuluza, ndipo masitolo ake anadzatsekedwa. Shoprite inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake a m'Malawi. Kampani ya mapulogalamu imadya kuchokera kwa masitolo. Masitolo akamavutika nayonso ivutika. Komanso pulogalamu ya pa kauntala siyovuta kuipanga: mawa wina apanga yofanana n'kuigulitsa theka la mtengo, kapena banki ipereka yake kwaulere pamodzi ndi makina olipirira pa khadi.

Mawu akuti "ikukula" amafunikanso kuwayesa ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Manambala ake amatuluka mumzinda wathu womwe uno, ku National Statistical Office, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 kukwera mitengoku kunkazungulira 30 peresenti pa chaka. Kampani imene malonda ake akwera ndi 25 peresenti m'chaka chotere siinakule, yachepa. Tsono pali kugwa kwa kwacha: 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kampani ya mapulogalamu imalandira makwacha, koma makompyuta, timakina tosindikiza malisiti ndi malo osungirako deta pa intaneti imalipira m'madola. Kwacha ikagwa, zolipira zimalumpha tsiku lomwelo, pomwe mwini golosale sangavomere kuti mumukwezere mtengo kawiri. Airtel Malawi, ndi makasitomala ake mamiliyoni, inalengeza kuti inaluza m'chaka cha 2023 chifukwa cha kugwa kwa kwacha kumeneku. Nanga kakampani ka masitolo 200?

Funso lomaliza pa mtundu uwu ndi limene anthu amaiwala: mukadzafuna ndalama zanu, mudzagulitsa kwa ndani? Sheya ya kampani imene siili pamsika ilibe wogula woyembekezera. Mwana akadwala kapena maliro akagwa, simungapite nayo kulikonse. Mudzabwerera kwa amene anakugulitsaniyo, ndipo iye ndi amene adzatchule mtengo, ngati adzafune kugula n'komwe. Ngakhale pa msika wa ku Blantyre, pamene pali makampani osakwana 20, pali masiku amene wogulitsa amadikira wogula. Ngati mwatsimikizabe kuthandiza achinyamatawo, ikani ndalama zokhazo zimene zitatayika banja silingagone ndi njala, pakhale pangano lolembedwa pamaso pa loya, dzina lanu lilowe m'kaundula wa eni masheya, ndipo muone mabuku a kubanki a kampaniyo ndi maso anu.

Sindikunena kuti masheya ndi oipa. Kuphiri kwathu komweku kuli hotela ya Ku Chawe, ya kampani ya Sunbird Tourism, imene ili pa Malawi Stock Exchange. Munthu akhoza kukwera phiri n'kukaiona hotelayo, n'kuona ngati kukubwera alendo. Kampani iliyonse ya pamsikawu imasindikiza m'nyuzipepala zotsatira za malonda ake kawiri pa chaka, imachenjeza anthu pasadakhale phindu likamasiyana ndi la chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposa, ndipo imaitanitsa msonkhano wa eni masheya chaka chilichonse, kumene ngakhale wa masheya ochepa ali ndi ufulu woimirira n'kufunsa. Zimenezi sizikutanthauza kuti mtengo sungatsike. Umatsika, ndipo msika ukakwera kwambiri monga unachitira mu 2025, wobwera mochedwa ndi amene amalipira zodula. Koma pamenepo mukudziwa chimene mwagula, dzina lanu lalembedwa, ndipo pali ofesi yokadandaulako. Chimene akukugulitsani pa WhatsApp chiyeseni ndi muyeso womwewu: ofesi yake ili kuti, mabuku ake anaunika ndani, akuluakulu ake ndi ndani, ndipo inapindula zingati chaka chatha?

Ndikulankhula makamaka kwa inu amene mwangolandira ndalama zochuluka nthawi imodzi, pakuti ndinu amene mukusakidwa. Inu bambo amene mwapuma ntchito ku Cobbe Barracks, kupolisi, ku MANEB kapena ku Government Print, ndipo penshoni yangolowa. Inu mayi amene mwalandira chipukuta misozi cha amuna anu. Aphunzitsi ndi anamwino amene banki ikukuimbirani kuti mukatenge ngongole ya pa malipiro. Ophunzira a ku Chikanda amene mwangolandira ya upkeep. Amayi osunga bokosi la banki m'khonde, amene mwanyamula thukuta la anzanu makumi awiri. Ndalama ya penshoni siibweranso kachiwiri. Ngongole ya pa malipiro idzadulidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka, kaya masheyawo alipo kaya anasowa. Ndipo ndalama ya gulu si yanu yoti muyesere mwayi: ikatayika, mudzataya ndi ubale womwe.

Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mafumu ndi makhansala, musalole kuti guwa kapena bwalo lanu likhale potsatsira zinthu zimenezi. Anthu amakhulupirira chifukwa amva kwa inu. Wina akabwera kudzapempha mphindi zisanu mapemphero akatha, mufunseni laisensi ya ku Reserve Bank, ndipo mutsimikize nokha musanamupatse mpata. Oyang'anira magulu a WhatsApp, uthenga wotere uchotseni ndipo muuze gulu chifukwa chake.

Ngati mwalipira kale, musachite manyazi ndipo musabise. Lekani kuonjezera. Akakuuzani kuti mulipire "msonkho" kapena "ndalama yotsegulira akaunti" kuti mutape zanu, musalipire. Imeneyo ndi njira yokudyerani kachiwiri. Musakokenso wina aliyense poganiza kuti mubweza zanu kudzera mwa iye, chifukwa potero mukhala mmodzi mwa oyankha mlandu. Sungani mauthenga onse a Airtel Money, Mpamba kapena a kubanki okhala ndi manambala otsimikizira kutumiza, jambulani zokambirana zonse gulu lisanafufutidwe, lembani mayina ndi manambala a foni a amene analandira ndalama. Pitani nazo kupolisi ya Zomba lero lomwe, dziwitsani kampani ya foni kapena banki imene munatumizira kuti ayese kutseka akauntiyo, ndipo lemberani ku Reserve Bank. Ngati munapereka PIN yanu isintheni pompano, ndipo ngati munatumiza chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, nenaninso zimenezo kupolisi. Samalaninso ndi amene adzakuimbireni pambuyo pake kuti angathe kukubwezerani ndalama mukawalipira kaye. Nthawi zambiri amakhala anthu omwewo.

Amene simunalipire, Lachisanu limene akukuopsezani nalo lidutse ndalama zanu zili m'thumba. Tengani dzina la kampaniyo, mufunse ku Reserve Bank kapena kwa broka wa laisensi, ndipo akakuuzani kuti sakuidziwa, musatumize ngakhale tambala. Chonde werengerani chenjezo ili makolo anu ndi anzanu a pa banki m'khonde sabata ino isanathe.